Nyumba Yokapidwa Ngati Bwato

Mlendo aliyense wofika koyamba pa nyumba yogona alendo ya kumapeto kwa msewu wa kudoko ankapunthwa pakhomo. Thabwa lopingasa m'munsi mwa chitseko linali lalitali kufika m'misongolo, ndipo munthu wosenza katundu sayang'ana pansi. Pakamveka kugwa ndi katukwana kotsatirapo, mayi wosamala nyumbayo ankasuzumira kuchokera kukhitchini, manja ali thovu lokhalokha.

"Pepani bambo, mwalowa m'bwato. Muzikweza mwendo."

Mayiyu aliyense ankamuitana kuti Azakhali. Anayambitsa ndi ana a mchimwene wawo. Asodzi, madalaivala ndi amalonda ogona pamalopo anangotengera, mpaka nkhalamba zowaposa msinkhu zinkawatchula chimodzimodzi. Ponena za bwato sankaseka ayi. Nyumbayo inalidi bwato, ndipo moyo wawo wonse unathera pa mfundo imeneyi.

Agogo awo aamuna anali mmisiri wokhoma zombo zamatabwa, zija zinkanyamula mchere, makala ndi matumba a simenti kuchoka doko ili kupita doko lina. Chombo chimodzi chinkatenga miyezi, ndipo eni ake pamodzi ndi amalinyero awo ankabwera kudzadikirira pomwepo, kugona pa utuchi, kusonkha moto pafupi ndi matabwa. Mkuluyo anawamvera chisoni, kapena, monga ankanenera amiseche, anatopa ndi kusowa kwa misomali, ndipo anaganiza zowamangira nyumba. Womanga nyumba sanamuitane. Munthu amene zombo zake zinkabwerako kunyanja yakuya akanapempha nzeru kwa woponda matope? Anachita zimene manja ake ankadziwa. Anayala mitengo yopingasa pamchenga, pamwamba pake anagonekapo mtanda waukulu umene pa chombo amautcha msana. Anaimika nthiti uku ndi uku, anakhoma matabwa kuyambira pansi, ndipo mpata uliwonse anautseka ndi thonje lopota ndi phula lotentha. Pamwamba pa mimba imeneyi anayala matabwa opondapo, anagawa zipinda, anafolera malata. Ukaiona panja inali nyumba. Kunsi kwa mapazi a alendo kunali chombo chathunthu, chosalola dontho kudutsa.

M'katimo zonse zinali za panyanja. Mabedi anakhomedwa kukhoma, aliyense ndi kathabwa m'mphepete kuti wogona asagubuduke, ngakhale kuti nyumbayo sinkagwedezeka. Mashelefu anali ndi milomo yoletsa makapu kugwa. Zipinda za pakati zinali zotakata, za kumapeto zinkapanikizika mpaka munthu wonenepa ankavala malaya ali cham'mbali. Alendo ankaseka, ankadandaula, n'kubweranso, chifukwa nsalu za pabedi zinali zoyera ndipo tiyi sankachedwa.

Chaka china, Azakhali asanabadwe, nyanja inasefukira kumtunda ndi mphepo yamkuntho. Nyumba za njerwa za msewu wonsewo zinamwa madzi mpaka m'mazenera, zina zinagwada. M'nyumba ya mmisiri simunalowe ndi dontho lomwe. Anthu anathawiramo ndi ana, mbuzi ndi makina osokera, ndipo okamba amati inanyamuka pang'ono, n'kugwedezeka, n'kukhalanso pamalo pake madzi ataphwa. Kuyambira tsiku limenelo banjali linakhala ndi lamulo limodzi limene mwana aliyense ankayamwira kubere: pansi pa nyumba iyi sipabooledwa.

Nkhani ya chigumula imakoma kukamba, ndipo alendo ankaikonda. Koma woikamba akakhala woona mtima ayenera kuitsiriza. Chimene chimaletsa madzi kulowa chimawaletsanso kutuluka. Nyanja inakwera kamodzi; mvula imagwa chaka ndi chaka. Mphepo ya mchere imadya malata. Alendo amasamba, amagubuduza mabeseni, amasiya mazenera otsegula. Madzi onsewo, amene m'nyumba ya munthu wamba amadzionera okha njira, kuno ankatsika m'mipata ya matabwa opondapo n'kukagona m'mimba mwa nyumba. Bwato likalowa madzi amalikapa. Nyumba iyinso inkafuna wokapa, ndipo mwa amuna onse amene anatamandidwa chifukwa cha iyo, panalibe amene anagwirapo chokapira. Anakapa agogo aakazi. Anakapa amayi a Azakhali. Kenaka inafika nthawi ya Azakhali.

Ntchitoyo inali yotere. Pakati pa kanjira kolekanitsa zipinda panali chivundikiro cha matabwa chokhala ndi mphete yachitsulo. M'mawa, madzi osamba alendo ali pamoto, Azakhali ankayala chiguduli, kugwada, kukoka mpheteyo, n'kutsitsa mkono wonse mumdima ali ndi chigubu chodulidwa pakamwa. Chigubu chikadzaza, m'ndowa. Ndowa ikadzaza, ankaimirira pogwira khoma, kuyenda nayo mopendekeka, kulumpha thabwa lija la pakhomo, n'kukakhuthula kumchenga. Madziwo anali akuda ngati tiyi wogonera, ndipo fungo lake silinkachoka m'zikhadabo ngakhale asambe ndi sopo wonunkhira. M'chilimwe ntchitoyi inkatha dzuwa lisanatenthe. M'dzinja sinkatha, ankangoisiya kuti akayale mabedi.

Ali mtsikana sankaganiza kuti zidzatero. Ankakonda kushedi, kumene bambo awo ndi mchimwene wawo ankasema nthiti za zombo, ndipo ankaloledwa ntchito imodzi yokha, yopota thonje lotsekera mipata. Kukhudza kasemasema kunali koletsedwa. Atakula anakwatiwa ndi kalaliki wa pasiteshoni ya sitima, kutali kumtunda. Tsiku loyamba kukolopa m'nyumba ya mwamuna wawo anagubuduza ndowa mwangozi, ndipo anaima kukamwa yasa, kuonerera madzi akuyenda okha pasimenti, kutulukira pakabowo ka pakona, kukathirira nthochi panja. Anatunga ndowa ina n'kuitaya dala. Mwamunayo anawapeza akuseka okha mpaka misozi, ndipo anayesa kuti wakwatira wamisala.

Ukwatiwo unali usanazike mizu pamene amayi awo anamwalira. Maliro atatha, bambo awo anawaitanira pambali.

"Mwanangu, tithandize dzinja lino lokha. Mchimwene wako akapeza mkazi, ubwerera kwa mwamuna wako."

Mchimwene anapezadi mkazi. Mkaziyo anakapa dzinja limodzi, kenaka ananena poyera kuti iye anakwatiwa ndi munthu, osati ndi chithaphwi. Anabereka ana, anaphika, anachapa, koma mphete ija sanaikokenso. Kalaliki uja anabwera kangapo atavala jekete lake la kuntchito, kukhala pakhonde, kumwa tiyi, kufunsa mwaulemu kuti dzinja la kuno limatha liti. Kenaka anasiya kubwera. Azakhali anamva kwa apaulendo kuti anakwatira wina ndipo ali ndi ana.

Zaka zomwezo ntchito ya banjali inayamba kufa. Kunabwera mabwato a pulasitiki oumbidwa kufakitale, opepuka, osafuna phula. Katundu amene ankayenda pa zombo anayamba kuyenda pa malole. Nkhalango zimene zinkapereka mitengo yaitali zinasanduka minda ndi makala. Bambo awo anamwalira shedi ili zii. Mchimwene wawo, amene anthu ankamutchabe Amisiri, anatsala ndi zida ndi chigoba cha bwato limene mwini wake anasintha maganizo lisanathe. Mkazi wa Amisiri anatsatira ana kutauni. M'mawa uliwonse Amisiri ankatsegula shedi, kunola zida zimene dzulo lake sizinaseme kanthu, kuzipukuta ndi mafuta, n'kubwera kudzadya chakudya chochokera kwa alendo a mlongo wawo. Motero nyumba imene inamangidwa ngati podikirira zombo ndiyo inatsala yokha ikudyetsa banja. Kwa Azakhali inali zonse: ntchito, pogona, ndi yankho lokhalo limene akanapereka munthu atawafunsa kumene kunapita zaka zawo.

Nthawi zina kunkabwera alendo a mtundu wina, a makamera pakhosi, odzaona nyumba yodabwitsa ya banja la amisiri. Amisiri ankawavalira malaya oyera n'kuwayendetsa chipinda ndi chipinda, akugogoda makoma ndi chala.

"Nanga nyumba yakale chonchi mumaisamala bwanji?" anafunsa mayi wina wa chipewa chachikulu.

"Imadzisunga yokha, mayi. Agogo ankadziwa ntchito."

Pa nthawi yomweyo Azakhali anali kudutsa ndi ndowa, ndipo mlendoyo anawapempha mokoma mtima kuti asunthe pang'ono, akutchinga chithunzi. Umu ndi mmene mbiri ya mabanja ambiri imalembedwera. Timatama amene anamanga chifukwa anamanga kamodzi, poyera, ndipo chimene anamangacho chimajambulika. Wosunga amagwira ntchito tsiku ndi tsiku, ndipo akaigwira bwino chizindikiro chake n'chakuti palibe chooneka. Kenaka timatcha zonsezo cholowa cha makolo, ngati kuti cholowa chimaima chokha popanda mawondo a munthu pansi pake.

Pempho la Azakhali linali limodzi, ndipo ankalibwereza dzinja lililonse likamayandikira. Tsiku lina analipereka pa chakudya cha m'mawa, pali dalaivala wa lole ya ayezi, mlendo wa sabata ndi sabata amene anali atasanduka ngati wachibale.

"Achimwene, kabowo kamodzi kokha. Kolowa chala. Kumunsi uko, kumene madzi amathamangira."

Amisiri anapitiriza kuuzira tiyi. "Chemwali, wayambanso nyimbo yako ija?"

"Si nyimbo, ndi mawondo. Tamverani." Anapinda mwendo, bondo n'kulira ngati chitseko chakale.

"Bwato saboola pansi."

"Bwato lake lopita kuti? Chibadwireni ine lili pompano. Likudikira mphepo?"

Dalaivala anaseka mpaka kutsamwa. "Madala, Azakhali akunena zoona. Ine ndikagona chipinda cha kumapeto chija ndimalota ndikusambira. Tsiku lina mudzandipeza ndamera zipsepse."

"Iwe wa ayezi, idya uzipita, katundu wako akusungunuka. Unakhomapo msomali iwe?"

"Ayi, koma bafa ndinalionapo. Lili ndi bowo, madala, ndipo silinamirepo."

Amisiri anamusiya n'kutembenukira kwa mlongo wawo. "Nanga nyanja ikadzabweranso? Udzathawira kuti? Kubafa kwa uyu?"

"Mudzasema kamtengo kotsekera. Nyanja ikamabwera, titseka. Si inu amisiri?"

"Bowo ndi bowo. Lero chala, mawa chibakera. Thabwa ukalilasa siliiwala. Bambo anandigwira dzanja ili, ili ukuliwonali, ali chigonere, n'kunena kuti..."

"Ndinalipo, achimwene. Ndi dzanja linalo anagwira langa, n'kundifunsa ngati ndakapa."

Dalaivala anayang'ana m'kapu mwake. Amisiri anamaliza tiyi n'kupita kukanola zida.

Wina angafunse kuti Azakhali analekeranji kuboola okha. Anayesapo. Chaka china anaitana wokonza mipope. Amisiri atamva, anatenga mpando n'kuukhazika pamwamba pa chivundikiro, kasemasema ali pamiyendo. Sanaopseze munthu. Anapereka moni, anafunsa za kunyumba, anayamba nkhani ya chigumula kuchokera pachiyambi. Dzuwa litapendeka wa mipope anamanga zida zake n'kunena kuti iye za pachibale salowerera. Koma choonadi chowawa n'chakuti lamulolo silinkakhala pampando wa Amisiri pokha. Linalinso m'manja mwa Azakhali. Tsiku lina mchimwene wawo atapita kumaliro, anatenga chiboolero kushedi, anagwada, anachiimika pa thabwa la pansi, ndipo dzanja linakana kupota. Anali mwana wa pashedi, wopota thonje, woleredwa kuona mpata pa thabwa ngati bala pathupi. Apa ndi pamene pagona mphamvu ya malamulo a m'banja: safuna mlonda, pakuti wozunzika nawo ndiye amawalondera. Amene amati mayiyu akanangolimba mtima sanakulirepo m'nyumba imene ulemu wake wonse unapachikidwa pa chinthu chimodzi.

Dalaivala uja, pomva chisoni, anabwera tsiku lina ndi kapampu kamanja kamene anakapeza kwa ogulitsa zitsulo zakale.

"Azakhali, basi mawondo apume. Muzingoima ngati bwana, n'kumapopa."

Kanagwira ntchito m'mawa umodzi, ndipo Azakhali anapopa akuimba. Kenaka kanatsamwa. Dalaivala anakamasula n'kutulutsamo zinthu zakuda, zofewa, zonga masamba a tiyi.

"Alendo anu amatayira fodya pansi?"

Azakhali anazitikita pakati pa zala. Zinali ndi ulusi. Chigubu chawo chinkasiya timadzi tina m'makona mmene mkono sunkafika. Pampu inkayamwa pansi penipeni, ndipo chimene inkayamwacho linali thabwa. Anazitengera kushedi m'dzanja n'kuziika pa mwala wonolera. Amisiri anazinunkhiza, anazipekesa, anayang'ana kunja kwa kanthawi.

"Ndi zinyenyeswa za matabwa opondapo izi. Za pamwamba. Pansi paja pali mtengo umene chiswe chimathyokerapo mano."

"Mwayang'ana?"

"Ndiyang'ane chiyani? Ndimaudziwa."

Anazikankha pamwalapo ndi chikhatho n'kupitiriza kunola.

Dzinja la chaka chimenecho linabwera ndi ukali, ndipo mvula ikakuona litsiro sikata. Bondo lamanzere la Azakhali linatupa ngati mpira, ndipo m'mawa wina analephera kutsika pabedi. A kuchipatala ananena kuti akagwadanso adzayenda ndi ndodo mpaka kumanda. Masiku anapita wopanda wokapa. Fungo linakwera m'zipinda. Kenaka wamalonda wina anatuluka atanyamula nsapato zikuchucha, akufunsa ngati dziwelo amalipiritsa palokha. Alendo anayamba kusamukira ku nyumba yatsopano ya simenti ya kumtunda kwa msewu.

Pamenepo Amisiri anagwada pachiguduli, koyamba m'moyo wawo. Azakhali anali kumvetsera ali chigonere, chitseko chili chotsegula. Anamva mphete ikulira, chigubu chikumira, ndowa ikudzaza. Anamva mchimwene wawo akupunthwa pakhomo, madzi n'kubwerera kumene anachokera.

"Musadzazitse, achimwene! Theka lokha!"

"Ndikudziwa!"

"Ndipo polumpha muziyamba ndi mwendo wa kumene kulibe ndowa."

"Ndati ndikudziwa, chemwali!"

Nthawi ya nkhomaliro isanakwane phokosolo linaleka. Mvula padenga inali isanaleke. Amisiri anaima pakhomo pa chipinda cha mlongo wawo, buluku litanyowa mpaka m'chiuno, akupuma ngati munthu wothamangitsidwa ndi galu.

"Amathera pati madzi amenewa?"

"Satha."

"Ndiye iwe umatani?"

"Ndimasiya, n'kukaphika."

Amisiri anatuluka mumvula osafunda kanthu. Pobwera anali ndi chiboolero chachikulu cha agogo, chogwirira chake chitasalala ndi thukuta la amisiri onse a banjalo.

Azakhali anadzikoka ndi khoma mpaka m'kanjira. Sakanalola kuti chinthu chimene anapempha moyo wonse chichitike iwo osaona. Dalaivala, amene lole yake inali itatitimira m'matope kudoko, anawagwira pamkono n'kuwakhazika pampando.

"Madala, tiyambe ndi pemphero kapena ndi nyimbo ya fuko?"

Amisiri anagona chafufumimba, anatsitsa chiboolero m'madzi akudawo, anafufuza ndi nsonga mpaka anapeza thabwa loyandikana ndi msana. Anakunga mapewa, kukonzekera kulimbana ndi mtengo umene anautama zaka zonsezo, n'kutsamira pa chogwirira.

Sanapote n'komwe. Chiboolero chinangolowa ngati mpeni m'dzungu lophika, mkono n'kutsatira mpaka paphewa. Pansi panamveka kumeza, kenaka mkokomo wa madzi akuthamangira kumchenga wa kunsi kwa nyumba.

Azakhali anatseka maso. Kwa kanthawi kochepa nkhope yawo inasalala ngati ya mtsikana. Madzi anali kupita okha.

Atatsegula maso anaona mchimwene wawo atalowetsa mutu m'dzenjemo, akulasa uku ndi uku ndi mpeni wa m'thumba. Analasa nthiti, mpeni unalowa. Analasa ina, unalowa. Analasa msana weniweniwo, mtanda wa agogo, ndipo mpeni unamira mpaka pachogwirira osalira n'komwe. Anadzuka pang'onopang'ono n'kukhala pansi, miyendo ili m'dzenje.

"Msana wapita."

"Mukonza," anatero Azakhali. "Zida muli nazo. Mumanola tsiku ndi tsiku."

"Mtengo wotalika chonchi uli kuti lero? Ndipo msana sasintha nyumba ili chiimire. Chikuigwira panopa ndi phula ndi chizolowezi." Anapukuta mpeni pabuluku. "Akanakhala madzi a mchere bwenzi ili bwino. Mchere umasunga thabwa. Oipa ndi a mvula. Akagona pathabwa amalidya."

"Munkadziwa zimenezo?"

"Mmisiri aliyense amadziwa. N'chifukwa chake bwato amalikapa mpaka liume." Anayang'ana m'dzenjemo, osati kwa mlongo wawo. "Mwina sunkafika pansi penipeni, chemwali."

Azakhali sanalire, sanatukwane. Anapempha dalaivala kuti awabwezere kubedi.

Mawu a Amisiri sanachokere mu nkhanza, ndipo ndicho chowawitsa chake. Sanali kunama. Mwa chiphunzitso cha ntchito yawo, bwato likaola wolakwa ndi wokapa. Chiphunzitsocho chinalibe malo a funso lakuti n'chifukwa chiyani nyumba ya pamtunda iyenera kukapidwa. Munthu angathe kuudziwa mtengo kuyambira khungwa mpaka mtima, n'kudya pa tebulo limodzi ndi mlongo wake mpaka imvi, osazindikira kuti ntchito imene anamusiyira inali yosatheka kwa munthu aliyense.

Mvula itadukiza anayamba kuona bwino zimene kale ankazitcha ukalamba wa nyumba: zitseko zokana kutsekeka, khoma la kunyanja lotuluka mimba, matabwa opondapo onyutuka pansi pa phazi. Amisiri ananena kuti munthu asagonenso m'zipinda za kumunsi, kenaka anati m'zipinda zonse. Bwato lakufa, anafotokoza, salisiya kuti ligwe lokha. Amaliphwasula mwadongosolo, kuyambira pamwamba, kuzula misomali yamkuwa, kusankha matabwa amene akali ndi moyo. Ndipo Azakhali anaona chinthu chimene sanachione kwa zaka zambiri: mchimwene wawo akudzuka ndi changu, pensulo kukhutu, akuimba mluzu. Anali atapeza ntchito. Matabwa a m'makoma a kumtunda, iwo anati, angathe kutsiriza bwato lija la mushedi.

"Adzaligula ndani?" anafunsa Azakhali.

"Likatha adzaoneka."

"Nanga ine ndizigona kuti?"

Amisiri anakanda m'mutu ndi pensulo, ngati funsolo linali samu imene anali asanaifikire. "Kushedi kuli malo. Titchinga pakona ndi malata."

Dalaivala anasamukira kumtunda kwa msewu monga ena onse. Anabwera kudzatsanzika, chipewa chili m'manja.

"Azakhali, kumeneko tiyi wake ndi madzi otsukira makapu. Ine ndizibwera kudzamwa kuno, musandiiwale."

Anabweradi kangapo. Kenaka ankangoliza hutala podutsa.

Tsiku limene Amisiri anakwera padenga kukazula lata loyamba, Azakhali anali panja atatsamira ndodo, akuyanula nsalu za pabedi zimene anachapa mwa chizolowezi. Pachipata panaima mwamuna ndi mkazi achinyamata, ooneka kuti angotsika basi, mkaziyo ali woyembekezera, chikwama chimodzi pakati pawo.

"Odi, amayi. Atiuza kuti kuno kuli malo otsika mtengo. Chipinda chilipo?"

Padenga nyundo inagunda, msomali n'kulira pozuka. Mwamunayo anayang'ana kumwamba, kenaka kwa Azakhali, kudikira yankho.

Akanatha kunena kuti nyumba yatsekedwa.

"Kwadzaza, ana anga," anatero. "Lero kwadzaza. Kwerani ndi msewu womwewu, muona nyumba yopaka utoto wachikasu. Mayi, muziyenda chakumbali, pakatipo pali matope."

Anawayang'ana mpaka anakhota. Kenaka anapinda nsalu imene inali m'manja mwawo, makona onse kukumana bwinobwino, n'kuima nayo, osadziwa koti akaiike.